Mawu a M'mawa: Mthenga Wobwera Usiku wa Chigamulo

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye, kuyambira ku Chipoka mpaka ku Khombedza, ndi inu a ku Senga Bay amene mwangotuluka panyanja. Mawu athu lero akuchokera pa 1 Mafumu 22:1-28.

Mfumu Ahabu inkafuna kukamenya nkhondo ku Ramoti Gileadi, ndipo aneneri 400 anali atavomera kale. Yehosafati, mfumu ya Yuda, atafunsa ngati kulibenso mneneri wina wa Yehova, Ahabu anatchula Mikaya mwana wa Imla, n'kuwonjeza kuti amadana naye chifukwa sanenera zomukomera. Onani vesi 13. Mthenga amene anatumidwa kukamutenga sanamuopseze. Anangomulangiza mwaubwenzi kuti anzake onse anena zabwino, naye anene zomwezo. Mikaya anakana, nati adzanena chimene Yehova amuuze. Mathero ake anamenyedwa mbama ndi Zedekiya, mmodzi wa aneneri aja, n'kuponyedwa m'ndende kuti azipatsidwa chakudya ndi madzi ochepa.

Dziko lathu lili ndi ofesi imene ntchito yake ndi kuuza boma zimene boma silifuna kumva. Ndi ofesi ya Ombudsman, yofufuza madandaulo a anthu ochitiridwa zopanda chilungamo, yokhazikitsidwa ndi malamulo aakulu a dziko a 1994. Gawo 121 limati pogwira ntchito yake asalamulidwe kapena kusokonezedwa ndi munthu kapena ulamuliro uliwonse. Samusankha ndi pulezidenti: ntchitoyo imalengezedwa poyera, ndipo amamuika ndi komiti ya Nyumba ya Malamulo ya Public Appointments, kwa zaka zisanu. Mwa udindo wake amakhalanso mmodzi wa makomishonala a bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission.

Papepala zili bwino chomwecho. Koma mthenga uja akadalipo, ndipo kawirikawiri safuula. Ndalama zoyendetsera ofesiyi zimachokera ku thumba la boma lomwe ikulifufuza. Zikachedwa kapena zikabwera zoperewera, galimoto ilibe mafuta, wofufuza sachoka ku Lilongwe kudzafika kuno kunyanja, ndipo fayilo ya mphunzitsi wopuma amene akudikira penshoni imagona chaka china. Ndicho chakudya chochepa cha Mikaya m'masiku athu. Njira ina ndi kukhala chete: Ombudsman alembera unduna kalata yofunsa mbali yawo, palibe yankho, alembanso, palibe. Ina ndi kumva chigamulo koma osachitsata, kapena kuthamangira kukhoti kukatenga chiletso. Kupita ku High Court n'kololedwa, malamulo omwewo amapereka mwayi woti chigamulo chake chiunikidwenso. Chimene chimapweteka ndi pamene khoti likusandutsidwa chida chotopetsera wodandaula amene alibe ndalama ya loya.

Kumbukirani nkhani ya mathirakitala. Boma lidatenga ngongole ya madola 50 miliyoni ku India, ndipo ena mwa mathirakitala ogulidwa ndi ngongoleyo, amene amayenera kuthandiza alimi ang'onoang'ono, adagulitsidwa motchipa kwa andale ndi akuluakulu ena. Mu 2016 a Martha Chizuma, ali Ombudsman, adatulutsa lipoti lolamula kuti akuluakulu okhudzidwa apepese kwa Amalawi. Mbali ya boma idakatsutsa kukhoti, ndipo zidatenga mpaka 2019 kuti khoti la Supreme ligamule kuti Ombudsman anali ndi mphamvu yofufuza nkhaniyo. Zaka zoposa ziwiri. Mlimi wa mpunga ku Lifuwu amene akulimabe ndi khasu ndi mmodzi mwa obweza ngongole imeneyo.

Nanga ife tichite chiyani? Kupemphera, inde. Koma dandaulo lolembedwa mosasamala limapatsa wolakwa pothawira, ndipo ofesi imene ikupanikizidwa kale ilibe nthawi yofunafuna zimene inu munasiya kunyumba. Choncho mukachitiridwa zopanda chilungamo ndi ofesi ya boma, yambani mwadandaula ku ofesi yomweyo, molemba. Lembani makalata awiri ofanana, imodzi muisiye, inayo akudindireni chidindo chokhala ndi tsiku, muisunge. Ambiri amagwera pomwepa: anayenda kakhumi, analankhula ndi bwana pakhonde, koma palibe pepala losonyeza kuti anafikapo. Nkhani ya m'chipatala cha boma imayambira kwa ombudsman wa pachipatalapo.

Akapanda kukuthandizani, m'pamene mulembere ofesi ya Ombudsman. Salipiritsa, ndipo simufunika loya. Tchulani dzina lanu, nambala ya foni imene imagwiradi, ofesi imene yakulakwirani, chimene chinachitika ndi masiku ake mwandondomeko, amene munawaona kale ndi zimene anayankha, ndi chimene mukufuna chichitike. Ngati ndi za penshoni, malipiro kapena kuchotsedwa ntchito, ikani nambala yanu ya ntchito, kalata yolembedwera ntchito ndi yochotsedwera kapena yopumira. Tumizani mafotokope okha. Zikalata zenizeni zikhale kwa inu, m'pulasitiki, kuopa chinyezi ndi chiswe. Akakupatsani nambala ya fayilo, ilembeni malo awiri, ndipo mukasintha foni adziwitseni, poti mafayilo ena amaima chifukwa mwini wake sakupezeka. Dziwaninso malire ake: nkhani imene ili kale kukhoti sangailowerere, ndipo mkangano wa malire a munda ndi mnansi wanu kapena ngongole ya usipa si za ofesi imeneyi. Ndipo musawonjezere mchere. Bodza limodzi likapezeka m'kalata yanu, woyankha adzagwira lomwelo n'kusiya zoona zonse.

Mawu ena ndi a inu abale amene mumagwira ntchito m'maofesi a boma, ndipo m'mipingo mwathu mulimo ambiri. Kalata ya Ombudsman ikafika pa desiki yanu, imeneyo ndi nthawi yanu ya vesi 13. Mwina bwana adzakuuzani monong'ona kuti muiike pansi pa mafayilo ena, kapena kuti munene kuti fayilo inasowa. Iyankheni m'masiku amene yatchula, ndipo tumizani zikalata zonse, ngakhale zija zosonyeza kuti ofesi yanu inalakwa. Mayi wamasiye amene akudikira ndalama za malemu mwamuna wake mwina amakhala benchi limodzi ndi inu Lamulungu.

Tipemphere. Atate, limbitsani mtima wa Ombudsman wathu ndi onse ofufuza madandaulo a anthu, kuti mthenga akabwera asasinthe mawu. Gwirani mitima ya ogawa ndalama za boma ndi aphungu athu, kuti ofesiyi isamanidwe zogwirira ntchito. Kumbukirani opuma pantchito, amasiye ndi ochotsedwa ntchito mopanda chilungamo amene mafayilo awo akudikira, muwapatse mphamvu ndi ndalama ya basi yokalondolera nkhani zawo. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.