Mawu a M'mawa: Uthenga Umene Hezekiya Analandira Ali Pamphasa

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye, a ku Chikwawa, a ku Nsanje ndi konse kumene mawuwa akupezani. Kuwerenga kwathu m'mawa uno kukuchokera pa 2 Mafumu 20:1-6.

Mfumu Hezekiya itadwala mwakayakaya, mneneri Yesaya sanabwere ndi mawu oisangalatsa, koma anaiuza kuti ikonze za panyumba pake chifukwa imfa inali pafupi. Mfumuyo inatembenukira kukhoma, inalira ndi kupemphera, ndipo Yesaya asanapite patali, Mulungu anamubweza kuti akaiuze zoti waiwonjezera zaka 15. Amene analamula kuti banja lisiyiridwe mawu ndi yemweyo amene anawonjezera masiku, choncho sitinganene kuti kukonzeratu za chuma chathu ndiko kudziitanira maliro.

Ndikunena izi chifukwa kwathu kuno munthu ukatchula za wilo, chikalata chonena mmene chuma chako chidzagawidwire ukadzamwalira, akuluakulu amakuyang'ana ngati ukuwalosera tsoka, ndipo ena amayankha kuti alibe chuma choti n'kulembera. Komatu khola la ng'ombe ku Ngabu, ngolo, bwato ndi maukonde, nyumba yamalata pa Bangula, gawo m'gulu la alimi a nzimbe, zonsezi zakhala zikudanitsa abale a mimba imodzi tisanachoke n'komwe pa siwa. Pamaliro ena amene ndinakhalapo, achibale a mwamuna anayamba kuwerenga mbuzi mayi wamasiye akadali m'nyumba ya maliro, ndipo palibe amene akanawatsutsa, popeza malemuyo anapita ndi maganizo ake onse mumtima. Nkhaniyi imavuta kwambiri m'chigwa chino, mmene Asena amene amatsata kwa bambo amakwatirana ndi Amang'anja amene amatsata kwa mayi, moti tsiku logawa katundu mbali iliyonse imabwera ndi mwambo wake, ana ali pakati.

Dziko lathu lili ndi lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011, limene limati kulanda katundu wa mayi kapena bambo wamasiye ndi ana ake ndi mlandu, ndipo wolakwa angathe kulipitsidwa chindapusa kapena kupita kundende. Munthu akamwalira wopanda wilo, lamuloli limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wake, ana ake ndi amene ankadalira iye. Koma kuti zimenezi zitheke, pamafunika maulendo a kwa DC, kukhoti kapena ku ofesi ya Administrator General, imene imayang'anira chuma cha masiye m'boma, ndipo mayi wa ku Makhanga amene alibe ya thiransipoti amatopa msanga n'kungozisiya m'manja mwa Mulungu, pamene mwamuna wake akanatha kumuchotsera mtolowu ndi pepala limodzi.

Wilo siifuna kuti munthu akhale wophunzira kwambiri. Aliyense wa zaka 18 kapena kuposerapo, amene mutu wake ukugwira bwino, angathe kulemba kapena kulembetsa zofuna zake, n'kusaina kapena kudinda chala pamaso pa mboni ziwiri, zimene nazonso zimasaina. Ndi nzeru kusankha mboni zimene sizidzalandira kanthu pa chumacho, kutchula ana onse mayina awo, ngakhale a kunja amene mwina mumachita nawo manyazi, ndi kunena amene adzayendetse zonse mukadzapita. Inu amene mumagwira ntchito ku Nchalo kapena m'boma, kaonensoni mayina amene munalemba pa fomu ya penshoni, chifukwa ena analembapo mayi awo ali anyamata, ndipo lero ali ndi mkazi ndi ana asanu koma fomuyo sanaisinthe. Za munda ndi dimba la makolo, khalani pansi ndi a nyakwawa ndi eni mbumba mukadali ndi mphamvu zoloza malire. Ndipo poti ife tinaona madzi a 2015 ndi a namondwe Freddy mu 2023 akukokolola masutikesi ndi mapepala omwe, musasunge wiloyo pansi pa mphasa yokha. Kope lina likhale kwa loya kapena kwa munthu wokhulupirika wokhala kumtunda.

Abrahamu anagawira ana ake ena mphatso iye akadali moyo, monga timawerengera pa Genesis 25, ndipo pamaliro pake Isake ndi Ismaele anaima pamodzi kumuika m'manda. Koma chimene chimandikhudza kwambiri chili pa Yohane 19:26-27. Ambuye wathu analibe munda, analibe khola, ngakhale zovala zake asilikali anali atagawana, komabe ali pamtanda, mu ululu woopsa, anaona amayi ake ataima pafupi ndipo anawapereka kwa wophunzira amene ankamukonda, poyera, anthu akumva. Kuyambira nthawi yomweyo wophunzirayo anawatenga mayiwo n'kupita nawo kwawo.