Mawu a M'mawa: Kodi Uyu Si Mmisiri Uja?

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Lero tiwerenge Marko 6:1-6.

Ndiyambe ndi fanizo. Pa msika wa ku Ulongwe pali mnyamata wosenza matumba a mbatatesi. Sukulu anaisiyira panjira, koma mutu wake umagwira. Tsiku ndi tsiku amaona alimi a kuno ku Angonia ndi a ku Tsangano akudzaza thumba mpaka kusokerera pamwamba, n'kulandira mametikali ochepa, kenaka lole n'kunyamuka ulendo wa mumzinda wa Tete kumene mbatatesi yomweyo imakakwera mtengo. Zimamudya mumtima. Ndiye wayamba kuyenda m'midzi kuuza anthu kuti: tiyeni tisonkhe tigule sikelo yathu, tizigulitsa pamodzi, tizilipira lole imodzi. Sabisanso kuti amalakalaka kudzakhala ndi lole yakeyake, ndipo ine sindikuonapo tchimo pamenepa.

Kuti mavenda amuda, sitingadabwe. Chopweteka n'chakuti amene akumufoola ndi a kwawo. Amalume ake akuti, "Mphwanga, usatichititse manyazi. Pita ku Moatize ukafune ntchito ya kumalasha ngati anzako." Ena potuluka m'tchalitchi akunong'onezana kuti akufuna kutidyera ndalama ameneyu. Ena afika ponena kuti wakhwimira. Munthu wosenza matumba angatiuze chiyani ife?

Ku Nazarete kunachitika zomwezi. Yesu ataphunzitsa m'sunagoge, anthu anazizwa ndi nzeru zake, komabe anafunsana ngati sanali mmisiri wa matabwa uja, mwana wa Mariya, amene abale ndi alongo ake ankawadziwa. Mawu ake sanawapeze cholakwa, chinawakhumudwitsa ndi ntchito ya manja ake. Ndipo vesi 5 ikuti sanathe kuchita zamphamvu kumeneko, kupatula kuchiritsa odwala owerengeka. Anataya mwayi ndi eni mudzi. Yesu anapita kukaphunzitsa m'midzi ina.

Mnyamata wa m'fanizoli si Yesu ayi, akhoza kulakwitsa masamu, mtima wofuna chuma ukhozanso kumupotoza. Oteroyo amafunika akulu omukhazika pansi, kumufunsa za ndalama zosonkhazo, kumudzudzula ndi kumupempherera. Kumuseka kokha sikumuwongola, ndipo alimi aja apitirirabe kuberedwa.

Tipemphere. Atate, tikhululukireni pamene tanyoza mwana wa mnzathu chifukwa cha ntchito yake. Alimbitseni achinyamata amene akufuna chilungamo pa malonda, muwateteze ku dyera. M'dzina la Yesu, Ameni.