Banja la Blaeu: mapu, mkuwa ndi mpikisano wa ku Amsterdam

[Pa sikirini: mapu akale a Africa]

Taonani bwino pakati pa mapu awa. Nyanja zikuluzikulu ziwiri zimene mukuzionazi, Zaire ndi Zaflan, kulibe. Wojambula mapuwa, Willem Blaeu wa ku Amsterdam m'dziko la Netherlands, sanafikeko ku Africa kuno. Anangotsatira zimene analemba kalekale Ptolemy, katswiri wamakedzana wa za malo, zakuti mtsinje wa Nile umachokera ku nyanja ziwiri za kumwera. Koma cha m'munsimu muli dzina lenileni, Monomotapa, ufumu wa Mwenemutapa umene Apwitikizi ankachita nawo malonda.

Nanga bodza limakhala bwanji pa mapu zaka zambirimbiri osachoka? Yankho lili pa mkuwa.

[Pa sikirini: mmisiri akuzokota]

Mapu aliwonse ankayamba ndi mkuwa wosalala. Mmisiri ankazokota magombe, mitsinje ndi mayina onse chobwerera, monga zimaonekera pagalasi, kuti papepala zituluke zowongoka. Kenako ankapaka inki, n'kupukuta pamwamba, inkiyo n'kutsalira m'mizere yokha. Pepala lonyowa pang'ono linkapanikizidwa pamkuwapo m'makina, ndipo utoto ankadzaupaka pamanja pambuyo pake. Kuzokota mkuwa umodzi kunkadya nthawi ndi ndalama zambiri, choncho palibe ankautaya msanga. Bambo akamwalira, mkuwawo unkagwera ana, pamodzi ndi zolakwika zake zonse.

Mu 1604, Jodocus Hondius, wosindikiza mapu wina wa ku Amsterdam, anagula mikuwa ya malemu Gerard Mercator, katswiri wotchuka wojambula mapu, ndipo mu 1606 anatulutsa buku la mapu limene linagulidwa kwambiri. Iye atamwalira mu 1612, ntchito inatsala m'manja mwa mkazi wake ndi ana, kenako mkamwini, Johannes Janssonius, analowamonso. Sitolo ya Janssonius inali yoyandikana ndi ya Blaeu pa Damrak, mumzinda wa Amsterdam. Tangoganizani, mdani wako pamalonda, m'mawa uliwonse kupatsana moni.

Apa m'pamene nkhani ikomera. Mu 1629 Blaeu anagula mikuwa pafupifupi 40 ya malemu Jodocus Hondius wamng'ono, mwana wa Hondius woyamba uja, n'kufufuta dzina la Hondius, n'kuzokotapo lake. Chaka chotsatira buku lake la mapu linali pamsika. Janssonius ndi mlamu wake Henricus Hondius sanagone: analemba ganyu amisiri kuti awazokotere mapu ofanana nawo. Kuyambira pamenepo wina akawonjezera buku, mnzake nayenso ankawonjezera.

Tisamunyoze Willem ngati wamalonda chabe. Anaphunzira za nyenyezi kwa Tycho Brahe, katswiri wa ku Denmark, pachilumba cha Hven, ndipo mu 1633 kampani yamalonda ya ku Netherlands ya VOC, imene zombo zake zinkapita ku Asia, inamusankha kukhala wojambula mapu ake.

[Pa sikirini: mabuku a Atlas Maior]

Joan, mwana wa Willem, ndiye anapambana mpikisanowu. Mu 1662 anatulutsa Atlas Maior: mabuku 11 m'Chilatini, mapu pafupifupi 600. Kunena zoona, ambiri mwa mapuwo anali akale ndithu, ena ochokera pa mikuwa ya bambo ake. Ogula ake anali anthu olemera ofuna chodzionetsera m'nyumba, osati oyendetsa zombo.

Mu February 1672 moto unapsereza nyumba yosindikizira ya Blaeu pamsewu wa Gravenstraat, mikuwa yambiri n'kuwonongeka. Joan anamwalira chaka chotsatira. Mikuwa yotsala inagulitsidwa pa okushoni, ndipo ina inapita kwa wosindikiza mapu wina, Frederick de Wit, amene anapitiriza kusindikiza nayo mapu.