Mankhwala oletsedwa pa mpikisano wa njinga: anthu amakwiyira ndani, nanga amakhululukira ndani?

Takulandirani, owonera athu, kulikonse kumene muli. Ife a ku Chipata za njinga sitichita kuuzidwa, chifukwa ndi njinga imene imatifikitsa kumsika wa Kapata, ndi njinga imene imatibweretsera makala ndi tomato kuchokera kumidzi, ndipo achikulire akukumbukirabe masiku amene njinga za Eagle zinkalumikizidwa konkuno ku Luangwa Industries. Aliyense amene anakwerapo chitunda atamangirira thumba la chimanga pakaliyala akudziwa mmene ntchafu zimapsera ndiponso mmene mpweya umaperewera pachifuwa. Sungani ululu umenewo m'maganizo pamene tikukamba za Tour de France, mpikisano waukulu wa njinga wa ku France.

Mpikisanowu unayamba mu 1903. Masiku ano umatenga milungu itatu, ndipo opalasa amayenda makilomita pafupifupi 3,500, mtunda wofanana ndi maulendo 6 ochoka ku Chipata kukafika ku Lusaka. Gawo la tsiku limodzi lili ngati kuchoka pano kukafika ku Petauke pa liwiro la makilomita 40 pa ola, n'kudzuka m'mawa mwake kuyambiranso. Pa ntchito yowawa chonchi n'zosadabwitsa kuti ena anafunafuna chithandizo cha mankhwala. Chodabwitsa ndi khalidwe la owonerera chinyengocho chikaululika, pakuti mlandu umodzimodzi wapatsa wina chipilala ndipo wina wamusandutsa munthu wosafunika.

Poyamba anthu ankangomva chisoni. Pa 13 July 1967, Tom Simpson wa ku Britain anagwa pa phiri la Mont Ventoux dzuwa likuswa mtengo, namwalira ali ndi zaka 29, ndipo m'thupi mwake munapezeka mankhwala a amphetamine ndi mowa. Mukuona pachithunzipa ndi chipilala chake, ndipo mabotolo a madzi ndi zipewa zimene zaunjikana pamenepo amazisiya ndi okwera njinga amene amafika kudzamulemekeza mpaka lero. Ambiri anamuona ngati wantchito amene ntchito inamupha.

Zinthu zinasintha atabwera mankhwala a EPO. Impso zathu zimapanga kale EPO, yemwe amauza thupi kuti lichulukitse maselo ofiira a magazi, ndipo maselowa ndi amene amanyamula mpweya kupita ku minofu. Madokotala amapereka EPO wopangidwa kwa odwala impso amene magazi awachepera, koma munthu wabwinobwino akadzibaya amakwera phiri osatopa msanga, ngakhale kuti magazi ake amakhuthala mpaka kuika mtima pachiswe. Kwa zaka zambiri panalibe njira yomupezera poyeza mkodzo. Mu July 1998, akuluakulu a kasitomu pamalire a France ndi Belgium anaimitsa galimoto ya Willy Voet, wosamalira opalasa a timu ya Festina, ndipo anapezamo mankhwala ochuluka, kuphatikizapo EPO. Timu yonse inathamangitsidwa, apolisi anasecha m'mahotela, ndipo opalasa ena anakhala pansi pamsewu posonyeza kukwiya. Mwa opalasa 189 amene anayamba, 96 okha ndi amene anafika ku Paris. Chaka chotsatira panakhazikitsidwa bungwe la WADA loona za mankhwala oletsedwa m'masewera onse.

Katswiri wa Festina, Richard Virenque, analira pamaso pa makamera, nakana mlanduwo kwa zaka ziwiri, mpaka anauvomera m'khoti mu October 2000. Mungaganize kuti anthu a ku France anamutaya, koma atamaliza chilango chake anamulandira ndi manja awiri, ndipo pa 14 July 2004, tsiku la chikondwerero cha dziko lawo, anapambana gawo la mpikisano khamu likufuula dzina lake. Ku Italy zinalinso chimodzimodzi ndi Marco Pantani, yemwe anachotsedwa mu mpikisano wa Giro d'Italia mu 1999 akutsogola, maselo ofiira atapezeka kuti apitirira malire. Atamwalira mu February 2004, anthu masauzande anakhamukira kumaliro ake ku Cesenatico. Paja akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola.

Nkhani ya Lance Armstrong wa ku America tiikhalire pansi pang'ono. Iyeyu anadwala khansa mu 1996, matendawo n'kufika m'mapapo ndi mu ubongo, koma anachira ndipo anapambana Tour de France zaka 7 zotsatizana, kuyambira 1999 mpaka 2005. Bungwe lake lothandiza odwala khansa linagulitsa zibangili zachikasu za mphira zoposa 80 miliyoni, chilichonse pa dola imodzi. Wovala chibangilicho sankafunikira kudziwa za njinga, mwina anali mayi wodwazika mwana kuchipatala, amene ankafuna umboni woti khansa imagonjetseka. N'chifukwa chake aliyense wofunsa mafunso ankaoneka ngati mdani wa odwala. Mtolankhani David Walsh wa nyuzipepala ya Sunday Times ananyozedwa kwa zaka zambiri, ndipo nyuzipepalayo inalipira ndalama Armstrong ataisumira. Emma O'Reilly, yemwe ankasisita minofu ya opalasa m'timu yake, anaulula zimene anaona, ndipo anatukwanidwa poyera n'kusumiridwanso. Christophe Bassons, wopalasa wa ku France amene anakana mankhwala, atalankhula za vutoli mu 1999 anzake anamusala, Armstrong anamuuza kuti angosiya, ndipo mnyamatayo anatuluka mu mpikisano uli mkati. Anthu ambiri pa nthawiyo anasankha kukhulupirira ngwazi, poti iyo inkangobwereza kuti yayezedwa kambirimbiri osapezeka ndi kanthu.

Mu October 2012 bungwe la USADA, loona za mankhwala oletsedwa m'masewera ku America, linatulutsa umboni wotsutsa Armstrong, womwe unali ndi mawu a anzake 11 amene anapalasa naye m'timu imodzi. Patangopita masiku ochepa, Nike ndi makampani ena amene ankamuthandiza ndi ndalama anamusiya, ndipo bungwe loyendetsa masewera a njinga padziko lonse la UCI linamulanda zipambano zonse 7. Mu January 2013 anavomera pa TV pamaso pa Oprah Winfrey, mayi wotchuka wofunsa mafunso, kuti ankagwiritsa ntchito EPO, testosterone ndi kudziika magazi. Mkwiyo umene unatsatira unaposa wa Festina kutalitali, ndipo ine ndikuona kuti chimene chinapweteka anthu kwambiri si jakisoni ayi. Chinawapweteka n'choti iwo eni anathandizira kugenda anthu amene ankanena zoona, ndipo munthu akazindikira kuti anapusitsidwa mpaka kulakwira osalakwa, manyazi ake amasanduka ukali. Otsatira a Floyd Landis, wopalasa winanso wa ku America, analawa zofananazo, chifukwa iye atalandidwa chipambano cha Tour de France ya 2006 anasonkha ndalama zomulipirira maloya, iye n'kudzavomera mu 2010 kuti ankagwiritsadi ntchito mankhwala.

Ku Germany anthu anayankha mwa njira ina. Ngwazi yawo Jan Ullrich inaletsedwa kuyamba mpikisano wa 2006 apolisi a ku Spain atapeza matumba a magazi osungidwa kwa dokotala Eufemiano Fuentes ku Madrid. Mu 2007, wopalasa winanso wa dzikolo atapezeka ndi testosterone, ma TV a ARD ndi ZDF anasiya kuonetsa Tour de France mpikisano uli mkati, ndipo chaka chisanathe kampani ya T-Mobile inachotsa ndalama zake zothandizira timu ya njinga. Banki ya Rabobank ya ku Netherlands inachitanso zomwezo mu 2012. M'masewera amenewa owonerera salipira pakhomo, poti bwalo lake ndi msewu, choncho kampani ikachoka timu ikhoza kutha, ndipo amene amasowa ntchito ndi okonza njinga, oyendetsa galimoto ndi opalasa achinyamata amene sanalakwe kanthu.

Osalakwa ena anakumana nazo pamsewu penipeni. Nsomba ikaola imodzi ndiye kuti zonse zaola, ndipo umu ndi mmene khamu linayamba kuonera aliyense wokwera phiri mwaliwiro. Mu 2015 Chris Froome, yemwe anabadwira ku Nairobi ku Kenya ndipo ankapalasira Britain, ananena kuti wowonerera wina anamuthira mkodzo n'kumufuulira kuti ndi wa mankhwala, pomwe panalibe mlandu uliwonse umene anali nawo. Patapita zaka ziwiri, mkodzo wake unapezeka ndi mankhwala a mphumu a salbutamol opitirira muyeso, ndipo ngakhale UCI inathetsa nkhaniyo mu July 2018, khamu la ku France linamukuwiza mpikisano wonse. Ndi khamu lomwe lija limene linkaimbira m'manja Virenque.

Kuyambira 2008 UCI imasunga mbiri ya magazi a wopalasa aliyense, kuti kusintha kosayembekezereka kuoneke ngakhale mankhwalawo asapezeke, koma opambana a masiku ano amafunsidwabe chaka ndi chaka ngati ali oyera. Tsopano taonani mndandanda wa opambana umene uli pakanemapa. Kuyambira 1999 mpaka 2005 palibe dzina, chifukwa ena mwa amene ankamaliza pa nambala 2, monga Alex Zülle, Jan Ullrich ndi Ivan Basso, nawonso anakhudzidwa ndi milandu ya mankhwala. Koma kwezani maso pang'ono pamwamba pa mizere yopanda kanthuyo. Pa 1998 pali Pantani, pa 1997 pali Ullrich, ndipo pa 1996 pali Bjarne Riis wa ku Denmark, amene mu 2007 anavomera ndi pakamwa pake kuti anapambana mpikisanowo atadzibaya EPO.