Kodi Linux Iyenda pa Laputopu Yanu? Iyeseni Kaye Musanachotse Windows

Moni nonse. Ambiri amafunsa kuti, "Laputopu yanga ndi ya HP, kodi Linux iyendamo?" Dzina la pachivundikiro silitiuza zambiri. Malaputopu awiri a mtundu umodzi akhoza kukhala ndi zipangizo zosiyana mkati, ndipo Linux imagwirizana kapena kukanana ndi zipangizo zimenezo.

Choncho yambani ndi kuyesa. Tengani fulashi ya 8 GB, muikemo mtundu umodzi wa Linux, monga Ubuntu, Linux Mint kapena Fedora, pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Rufus kapena balenaEtcher. Mukamayatsa laputopu, dinani F12 ngati ndi Dell kapena Lenovo, F9 ngati ndi HP, Esc ngati ndi Asus, musankhe fulashiyo. Linux iyenda kuchokera pa fulashi osakhudza mafayilo anu.

Yambani ndi Wi-Fi, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amagwa ulesi. Tsegulani Terminal, pulogalamu yolembamo malamulo, mulembe lspci -nn. Mukaona Intel pa mzere wa Network controller, kawirikawiri palibe vuto, driver yake (pulogalamu yoyendetsa chipangizocho) imabwera ndi kernel, yomwe ndi mtima wa Linux. Mukaona Broadcom, konzekerani. Zipangizo zina za Broadcom zimafuna driver ya kampaniyo, yomwe simabwera yoikidwa kale. Vuto lake ndi lakuti muyenera kuikopera pa intaneti, pamene Wi-Fi yomweyo sikugwira! Lumikizani chingwe cha Ethernet, kapena foni kudzera pa USB, kenako, ngati muli pa Ubuntu, mutsegule pulogalamu ya Additional Drivers.

Chachiwiri, disiki. Ngati pulogalamu yoika Linux sikuiona, disikiyo sinafe. Nthawi zambiri BIOS (pulogalamu yoyamba kuyenda laputopu ikamayaka) imayendetsa disikiyo m'njira ya Intel RST, ndipo imafunika kusinthidwa kupita pa njira ya AHCI. Apa chenjerani kwambiri: mukangosintha, Windows ikhoza kukana kuyaka. Konzani kaye Windows kuti iyake mu Safe Mode (kuyaka ndi zofunikira zokha), musinthe BIOS, iyake kamodzi mmenemo, ndiye muibwezere mwakale. Ngati BitLocker, loko ya Windows yokhoma disiki, ndi yoyatsa, sungani kiyi yake ya manambala 48 musanakhudze BIOS.

Khadi yoonetsera zithunzi ya NVIDIA imafuna driver yake kuti masewera ndi mavidiyo ziyende bwino. Secure Boot (chitetezo cha mu BIOS) ikakhala yoyatsa, mukhoza kuona sikirini yabuluu yopempha kuti mulembetse kiyi ya MOK, yovomereza driveryo. Musaidumphe, apo ayi driver siyamba kugwira.

Mawu, Bluetooth ndi mabatani owalitsa sikirini, yesani msangamsanga. Kamera ndiyo muiyang'anitsitse, popeza makamera ena atsopano a Intel IPU6 amavutabe.

Kenako tsekani chivundikiro kuti laputopu igone, mudikire mphindi 30. Ikakana kudzuka, kapena ikatentha n'kudya batire, lembani cat /sys/power/mem_sleep. Mukaona s2idle yokha popanda deep, laputopuyo sigona tulo tofa nato, ndipo nthawi zina chothandiza ndi BIOS yatsopano.

Laputopu ikakhala yatsopano kwambiri, yesani Fedora, chifukwa kernel yake imakhala yaposachedwa. Kuti mudziwe kernel imene muli nayo, lembani uname -r.