Mutu ukakana kusiya, bwererani kuchipatala

Zikomo a Nyakwawa potipatsa bwalo. Amayi muli kumbuyoko, senderani kumthunzi kuno, dzuwa la kuno ku Chigwa silinyengerera munthu.

Nonse munali nawo pa maliro a mwana aja mwezi wathawu. Dzina sinditchula, koma makolo ake andilola kuti ndinene chimene chinamutenga. Anayamba ndi kutentha thupi pang'onopang'ono, kukana phala, kulira kosatonthozeka. Anamwa mankhwala a malungo a LA mpaka kumaliza, osasintha. Anamugulira panado pa okala, kenako anakamutema mphini. Pofika sabata yachitatu ankangogona, diso limodzi litapotoka. Chichokereni kumanda ndamva zambiri, ena akuti malungo aakulu, ena akulozana zala pachibale. Madokotala anapeza TB ya mu ubongo.

Ife TB timaidziwa ngati chifuwa chachikulu, munthu kukhosomola, kuwonda, thukuta usiku. Koma kachilombo kake kakalowa m'mapapo kamatha kuyenda ndi magazi n'kukakhazikika pa timinofu topyapyala tokuta ubongo. Amene kamawapeza msanga ndi ana osakwana zaka zisanu, ana onyentchera, ndi akuluakulu amene chitetezo chawo chatsika ndi HIV. Mwanayo sachita kukhosomola ayi. Wokhosomola amakhala wamkulu amene akugona naye nyumba imodzi. Kumbukani mmene tinkagonera m'makalasi ndi m'matenti nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, mabanja angapo chipinda chimodzi, mawindo otseka poopa udzudzu. TB imafala bwino m'malo otero.

Matenda oumitsa khosi amene tinazolowera amabwera mwaukali, lero mwana akusewera, mawa wagwa. A TB amabwera mozemba, sabata ziwiri kapena zitatu, ndipo khosi limauma mochedwa. Ndiye mvetsani apa: mankhwala a malungo akatha koma mutu ndi kutentha thupi osasiya, bwererani kuchipatala. Musadikire khosi liume.

Nanga adokotala amaidziwa bwanji? Ubongo ndi mtsempha waukulu wa kumsana zimakhala m'madzi oyera mbee. Amatengako pang'ono ndi jakisoni chakumunsi kwa msana n'kupita nawo ku labu. Vuto ndi lakuti tizilombo ta TB timakhala tochepa kwambiri m'madzimo. Pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono nthawi zambiri sitioneka, ndipo kutidikira kuti tichulukane mu labu kumatenga masabata, pamene wodwala alibe masabata amenewo. Choncho amayang'ana zizindikiro zimene kachilomboko kasiya. Inu a m'madimba a m'mbali mwa Shire, mvuu ikadya chimanga usiku simuiona, koma m'mawa mapazi ake m'matope amakuuzani amene anabwera.

Chizindikiro china ndi shuga. M'madzi a munthu wabwinobwino, shuga amakhala pafupifupi magawo awiri mwa atatu a shuga wa m'magazi. TB ikalowa amatsika, kawirikawiri osafika ndi theka lomwe. N'chifukwa chake amakubayaninso chala nthawi yomweyo, kuti afananize. Puloteni ndiye amakwera, mwina mpaka madzi aja kusanduka achikasu pang'ono, ndipo akakhalitsa m'kabotolo mumatha kuoneka kaulusi koyera kakulendewera pakati. Amawerenganso asilikali a m'thupi amene athamangira kumeneko, chifukwa mtundu umene umachuluka pa TB umasiyana ndi wa matenda obwera mwaukali aja. Ma labu ena akuluakulu amayezanso chinthu chotchedwa ADA, chimene asilikaliwo amatulutsa akamalimbana ndi TB. Palibe chimodzi mwa izi chimene chimagamula pachokha. Adokotala amaziphatikiza ndi zimene inu mwawauza: anayamba liti, wawonda kodi, kunyumba kuli wokhosomola? Musamabise, chonde. Ena mumati wayamba dzulo poopa kukalipiridwa, chonsecho ndi sabata yachitatu. Bodza limenelo limasocheretsa adokotala.

Palinso makina a GeneXpert, omwe aja oyezera makhololo. Amayezanso madzi a pamsana, zotsatira n'kutuluka m'maola awiri okha. Akaipeza, ndiye kuti TB ilimodi. Koma akapanda kuipeza sizitanthauza kuti mulibe. Shuga akakhala wotsika, puloteni wokwera, wodwala akufookerafookera, adokotala amayambitsa mankhwala osadikira.

Eya agogo, ndakuonani, nenani.

Amene simunamve, agogo akuti: aliyense amene amamudziwa kuti anachotsedwa madzi pamsana sanabwerere, nanga iwo angalole bwanji mdzukulu wawo?

Agogo, mwayankhulira anthu ambiri pano, ndipo anthu amene mukuwakumbukawo anamwaliradi, sindikutsutsa. Koma tiyeni tikumbukire limodzi mmene anapitira. Ambiri tinawanyamula pamachira, kapena tinawagwirizira pa kabaza atakomoka kale, osazindikira munthu. Matenda anali atadya kale ubongo. Jakisoni uja anabwera komalizira, ndiye maso athu anaona jakisoni, osaona masabata amene munthu anagona m'nyumba. Amene anachotsedwa madzi n'kuchira aliponso, kungoti sayenda akulengeza pamsika.

Ena amati madziwo akachotsedwa munthu amauma, kapena sabereka. Thupi limapanga madzi amenewa pafupifupi theka la lita tsiku lililonse. Amene amatengedwa ndi masipuni a tiyi awiri kapena kuchepera, ndipo amabwereramo tsiku lomwelo. Jakisoni amalowa m'munsi mwa pamene mtsempha waukulu uja umathera, ndipo sayandikira njira ya ubereki. Wodwala amagona chammbali, maondo atawapinda mpaka pachifuwa, namwino atamugwira bwino. Zimapweteka, inde, ndipo ena mutu umawawawa masiku angapo pambuyo pake. Adokotala amayamba amuona kaye wodwala, ndipo akaona kuti n'zoopsa sachita. Muli ndi ufulu wofunsa mafunso onse. Koma zimene ndimaona zimandiwawa mumtima: mayi walola, kenako akuti tidikire amalume ali ku Nchalo ku mizimbe, foni yawo sikupezeka, masiku awiri apita. Abambo ndi eni mbumba, kambiranani nkhaniyi lero anthu ali bwino, kuti tsiku la vuto mayi asaope kuvomera.

Ndipo agogo, kwa amene ali ndi HIV madzi omwewo ndi amene amasiyanitsa TB ndi matenda ena a mu ubongo obwera ndi tizilombo ta mtundu wina totchedwa fangasi. Zizindikiro zake zimafanana koma mankhwala ndi osiyana kotheratu. Popanda kuyeza, adokotala angolota.

Ndibwereze: LA akatha mutu osasiya, bwererani. Musanene kuti tinapitako kale. Pitaninso, mutenge buku la kuchipatala, munene kuti mankhwala anatha koma sakusintha. TB ya mu ubongo ikapezeka munthu akadayankhula bwinobwino, mwayi wochira ndi waukulu. Ikapezeka atakomoka, ambiri amamwalira, ndipo opulumuka ena amatsala osaona, osamva kapena opuwala mbali imodzi.

Ndaona ena mwayamba kumanga ana kumbuyo, ndithamange. Mwana akabadwa alandire katemera wa BCG, amateteza kwambiri ku TB yoopsayi. M'nyumba mukapezeka wa TB, ana onse aang'ono apite akaonedwe, pali mankhwala oteteza. Wokhosomola sabata ziwiri apereke makhololo. A ma ARV musadumphitse. Kukomoka, kusanza kosalekeza, liwombo kutupa, kuyankhula zosamveka, kugona kosadzutsika, zimenezo n'zonyamuka nthawi yomweyo ngakhale usiku, osadikira kuche. Akakutumizani ku chipatala cha boma ku Nsanje kapena ku Chikwawa, ngakhale ku Queens ku Blantyre, pitani. Mankhwala a TB ndi aulere, koma a mu ubongo amamwedwa nthawi yaitali, kawirikawiri chaka chathunthu, musasiye poti wayamba kusewera.

Amene kunyumba kuli wokhosomola mutsale pang'ono, timabotolo ta makhololo ndabwera nato. Zikomo a Nyakwawa.