Makalata a omvera: awiriwa adzauzana liti?

Takulandiraninso omvera, lero makalata onse akukamba nkhani imodzi, mabuku aja a achinyamata omwe mnyamata ndi mtsikana akulira limodzi mu katauni kakang'ono, eni ake akuti ndife anzathu chabe koma ife owerenga tikuona kuti apa pali kanthu.

Yoyamba yachokera kwa mtsikana wina amene wati tisamutchule dzina. Akuti: "Achimwene ine ndatopa. Buku lomwe ndikuwerengali lili ndi masamba 340, ndafika pa 210 koma anthu awiriwa sanagwiranepo olo dzanja. Kumangoperekezana pochokera kusukulu, kukangana zaziii kenako kugwirizananso. Wolembayu sakungondidyera nthawi?"

Hahaha achemwali pepani, ine ndili mbali ya wolembayo. Ngati akukudyerani nthawi mwafika bwanji pa 210? Chakukokani ndi kuchedwa komweko. Pakati pa ubwenzi ndi chibwenzi pali ka "chi" kokha koma kuwoloka pamenepo si masewera, awiriwa adziwana kuyambira ali ana, wina amadziwa kuti mnzakeyo akamanama amakanda khutu, ndiye akangoyerekeza kulankhula n'kukanidwa wataya zonse, chibwenzi palibe komanso mnzake wapamtima wapita. Mumzinda waukulu ukakanidwa umangosintha njira basi simudzaonananso. Mu katauni sukulu ndi imodzi, msewu ndi womwewo, mawa m'mawa mukumana ufune usafune, ndipo anthu onse anazindikira kalekale kupatula eni akewo. N'chifukwa chake olemba amakonda malo ang'onoang'ono, kulibe kothawira.

Komabe si buku lililonse lochedwa lomwe ndi labwino. Yesani izi, bwererani koyambirira muone ngati pali chomwe chasuntha. Tinene kuti pachiyambi mnyamata anabwereketsa jekete tsiku la mvula, mtsikana n'kumuponyera m'mawa mwake osaganizako kanthu. Ngati pano jekete lomwe lija latha sabata lili pampando kuchipinda kwake, akuti waiwala kubweza ndipo mwini wake sakuitanitsa, nkhani ikuyenda imeneyo. Koma ngati pa 210 ali chimodzimodzi mmene analili pa 20, mwalondola, lisiyeni.

Yachiwiri ndi ya mayi wina: "Mwana wanga wazaka 15 sagona, amawerenga mabuku achikondiwa ndi tochi m'bulangete. Sandionongekera ameneyu?"

Amayi mtima pansi. Mabuku amenewa amalembera ana azaka 12 mpaka 18, ngakhale akuluakulu ambiri timawerenganso, ine ndemwe. Ochedwawa nthawi zambiri zomwe zili mkatimo ndi kudikira, manyazi ndi kuopa kulankhula. Kungoti ena amalembera akuluko pang'ono ndiye tengani bukulo muwerengeko machaputala awiri nokha, kenako mumufunse kuti akukonda ndani mmenemo. Za tochizo ndiye ndili nanu, mwana azigona.

Yomaliza ndi ya mnyamata amene akulemba nkhani yake pafoni. Akuti: "Akulu, ndafika chaputala 9, ndikufuna awiriwa asagwirizane msanga ndiye ndaika kuti mtsikana wamva mphekesera yabodza n'kukwiya. Ndachita zimenezi kawiri koma anzanga akuti zikubowa. Ndizitani?"

Achimwene anzanuwo sakunama. Vuto lomwe lingathe ndi meseji imodzi silingasenze buku lonse, wowerenga amangoti bwanji osangofunsana? Chowachedwetsa chizichokera mkati mwa moyo wawo. Mwina mmodzi akuchoka m'tauniyo mayeso akangotha ndipo winayo sangachoke chifukwa kunyumba amamudalira, ndiye aliyense akuti ndiyambirenji chinthu choti chitha pakatha miyezi itatu. Kapenanso ali atatu pagulu lawo, ndipo awiriwa akangoyamba kukondana wachitatuyo atsala yekha, iwo akudziwa zimenezo. Ameneyu olemba ambiri amamutaya, amangomuika kuti azisekesa ndi kunyamula mauthenga, chonsecho naye ali ndi zake zomupweteka, ndipo tsiku lomwe adzakhale pakati pa mipando iwiri n'kuona kuti anzake akuyang'anizana modutsa iye, chaputala chimenecho chidzaposa cha kuuzana chija.

China, yesani kulemba ngati mtsikanayo ndi amene akufotokoza yekha. Azitiuza kuti mnyamatayo amazungulira njira yaitali tsiku lililonse pomuperekeza, iye n'kumati ndi wokonda kuyenda basi. Ife tizimva kuwawa m'malo mwake. Mphekesera yachiwiriyo ichotseni, yoyambayo mutha kuisiya, ndipo mukakonza chaputala 9 mutitumizire tidzawerengeko ndime imodzi pompano.